Masamba a mango pansi pa mombo

Ine sukulu ndinalekezera kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ndipo nayonso kwartayo ndinaikhalamo zaka ziwiri chifukwa usipa unkakonda kugwa nthawi imodzi ndi mayeso. Choncho mukamva kuti m'nyumba mwanga muno, kuno ku Nkholongue, munatuluka dokotala, dabwani ndithu, nanenso ndimadabwa. Akazi anga amati nzeru anatengera kwa iwo. Ine sinditsutsa. Kwa ine anatengako mphuno ndi makani.

Ndi mwana wathu wotsiriza, wamkazi. Anabadwira kutsidya kwa nyanja, tili kothawa nkhondo, ndipo tinabwera naye kuno ali kumsana. Sukulu anayambira pompano, kenaka Metangula, kenaka Lichinga, Maputo, mpaka kumayiko kumene amati madzi amauma gwa ngati mwala. Tsiku limene anabwera atamaliza udokotala, alamu anga, achimwene awo a akazi anga, anafika m'mamawa ndi phazi lotupa, naliika pa mpando. Mwanayo anawauza kuti, "Malume, ine ndine dokotala wa nthaka ndi mitengo." Alamu anabweza phazi lawo pansi mwakachetechete, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanamukhululukire kwenikweni.

Ndinamufunsa kuti, "Tsono mama, sukuluyi yatha?"

"Yatha, ababa. Koma ndalowa ntchito ya kafukufuku imene munthu amagwira akatha udokotala. Andipatsa zaka ziwiri. Ndikapeza chogwirika, njira itseguka. Ndikalephera, malowo apatsa wina."

Pamenepo ndinamva bwino. N'chimodzimodzi kubwerekedwa bwato nyengo ziwiri. Ukamabwera chimanjamanja, mwini bwato sakukalipira, amangokulanda nkhafi n'kupatsa mnzako.

Kafukufukuyo anasankha kudzachitira kwathu, m'nkhalango ya mombo ndi misuku imene ili kuseri kwa minda yathu ya chinangwa. Anakwirira timiphika ta pulasitiki topanda pansi, khumi ndi tiwiri. Tisanu ndi kamodzi kumunsi, m'mbali mwa njira yopita kuminda, tina tisanu ndi kamodzi kumtunda, paphiri. Kamphika kalikonse kanali ndi chivundikiro chimene chimadzitseka chokha n'kudzitsekulanso, popanda dzanja la munthu. Sola inali imodzi, kumunsi, mawaya okha ndi amene ankakwera phiri.

"Zimenezi zikola chiyani?" ndinatero.

"Mpweya, ababa. Nthaka imapuma."

Ndinagwada n'kuika khutu pansi. Ndinati, "Lero yagona, sikukoka n'komwe nkonono." Anaseka, koma anandikhazika pa chitsa n'kundifotokozera ngati mwana wa pulimela, kalasi yoyamba. Anati mitengo imakoka mpweya wina wotchedwa kaboni n'kuusandutsa thunthu ndi masamba. M'nthakamo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zoola n'kumatulutsa mpweya womwewo, kubwerera kumwamba. Mpweyawo ukachuluka kumwambako, dziko limatentha. Dziko likatentha, tizilomboto timadya mothamanga, n'kupuma kwambiri, mpweya n'kuwonjezereka, dziko n'kutentheratu.

Ndinati, "Ngati moto wa tchire. Ukakula umadziitanira mphepo yake, mphepoyo n'kumaukankha."

Anandiyang'ana kanthawi. "Ababa, anzanga amalemba masamba atatu kuti anene zimenezo."

Mutu unandikula mpaka chipewa chinathina. Funso lake, anati, linali lakuti nkhalango zathu zino zidzathandiza kuzimitsa motowo kapena zidzaukolezera. Manambala ochokera m'timiphikamo ankapita okha pa netiweki kukamupeza kumene ali. Ine anandisiyira ntchito ziwiri: kupukuta fumbi pa sola, ndi kuthamangitsa mbuzi. Ananyamuka mwera utangoyamba kuwomba.

Posakhalitsa mitengo inayamba kuyoyola. Amene amaidziwa nkhalango ya mombo akudziwa kuti ikati ivule, imavuliratu. Masamba anadzaza ponseponse, ena m'kati mwa timiphika momwe.

Tsiku lina ndikusoka ukonde, alamu anafika akuchokera kumunda, khasu paphewa.

"Alamu, ndadutsa pa ofesi ya a Dotora."

"Mwaona zinthu zodzitsekula zokha, eti? Kwanu ziliko?"

"Ndaona mbale zokwiririka m'zinyalala. Nkhuku ikhoza kuikiramo. Azimayi odutsa pamenepo akufunsana kuti, kodi sukulu zonse zija sanamuphunzitseko kugwira tsache? Ine ndawayankha kuti musamunene mwana, atate ake alipo, koma mwina maso anatha."

Ananena akuseka, nanenso ndinaseka, koma mawuwo anandibaya ngati munga wa kampango. Kwathu kuno malo amene ali ndi mwini amasesedwa. Pakhomo pamasesedwa, pa tchalitchi pamasesedwa, ngakhale kumanda timapita kukalambula kuti odutsa adziwe kuti wogona apayo anasiya anthu. Malo osasesa amanena chinthu chimodzi chokha: mwini wake alibe abale. Ndiye mwana wanga, woyamba m'mudzi muno kutchedwa Dotora, zinthu zake zizioneka ngati za mwana wamasiye, ine ndili moyo?

Loweruka lotsatira ndinadzuka anthu asanayambe kuyenda, ndinatenga tsache la panja la akazi anga, n'kulibisa m'thumba la ukonde. Mwamuna wa msinkhu wanga kuoneka ndi tsache m'njira, nkhani yake ikhoza kukafika ku Meluluca dzuwa lisanafike pamutu. Ndinasesa timiphika tonse ta kumunsi, mapazi anayi mbali iliyonse, mpaka dothi linaoneka mbee. Masamba a m'kati ndinkawatola ndi dzanja, limodzilimodzi, osakhudza waya, poti mwanayo anali atandichenjeza za mawaya. Zinyalalazo ndinkaziunjika kutsidya kwa njira n'kuziwotcha bwinobwino, nditaimirira pomwepo mpaka moto utazima.

Kumtunda sindinkapita. Bondo langa lakumanzere linakana phiri kalekale. Komanso kumtundako sikudutsa anthu, ndiye manyazi analibe njira yokafikirako.

Ntchitoyo inandikoma. Loweruka lililonse ndinali pamenepo. Alamu atadutsanso anati, "Tsopano ndiye paoneka ngati pa munthu." Ine ndinati mwina ndi kamvuluvulu. Akazi anga okha ndi amene anayamba kudandaula kuti tsache likutha msanga chaka chino. Tsiku lina anandipezerera ndikulibweza kuseri kwa nkhokwe.

"Inu abambo, zaka zonse takhala limodzizi simunasesepo pakhomo pano ngakhale tsamba limodzi. Lero mwakwatira kwina kumene akukusesetsani?"

Ndinawauza zoona. Anapukusa mutu. "Mwanayo anakutumani?"

"Zabwino sachita kutumidwa."

"Chabwino. Koma tsache lina mukagule nokha."

Mvula yoyamba itagwa, telefoni inalira. Anali mwana wanga, mawu ake akuthamanga ngati ali mwana wobwera ndi mayeso okhoza.

"Ababa, timiphika ta kumunsi tikuonetsa zodabwitsa! Nthaka yake ikutentha kwambiri kuposa ya kumtunda, koma m'malo mopuma kwambiri, ikupuma pang'ono. Zikusemphana ndi zimene aliyense amayembekezera. Ngati ndi zoona, ndiye kuti nthaka yathu ikukana kukolezera moto uja. Ndawauza kale abwana anga, ndipo akuti ndikafotokoze pa msonkhano waukulu. Ndikubwera sabata ya mawa kudzaona ndi maso."

Ndinaimirira chifukwa cha kunyada. "Nthaka ya kwathu imeneyo, mama! Ili ndi mwambo. Koma chikuchititsa n'chiyani?"

"Ndi chimene sindikumvetsa. Ikuchita ngati nthaka yovula, chonsecho masamba onse a chaka chino ali pomwepo. Masamba aja ndiye chofunda chake, ndiyenso chakudya cha tizilombo tija. Agwa ambiri chaka chino, eti?"

Ndinakhala pansi.

"Ababa? Mukundimva?"

"Netiweki, mama. Netiweki ikuthawa." Ndinadula.

Munthu wanzeru akanaimbanso n'kunena. Ine ndinaganiza zobweza masamba. Aja ndinasesa anali phulusa kalekale. A m'nkhalango anali atanyowa ndi mvula, odzaza linthumbu, ndipo kuwerama kochuluka bondo silikanalola. Koma pakhomo pathu pali mitengo iwiri ya mango, ndipo akazi anga amaunjika zosesa zawo m'dzenje kuseri kwa khitchini. Ndinati tsamba ndi tsamba. Ndinadzaza matumba atatu, n'kukawaza mozungulira timiphika ndi m'kati momwe, mosamala, ndikusakaniza ndi phazi kuti pasaoneke dzanja la munthu. Nditabwerera m'mbuyo kuyang'ana, ndinadziyamikira kuti ngakhale Mulungu akanati wagwetsa yekha.

Mwanayo anafika pa shapa, minibasi ya ku Metangula, ndipo sanafune n'kupuma komwe. Tinanyamuka, iye patsogolo, ine pambuyo, alamu pambuyo panga, poti alamu samalola chinthu kuchitika iwo palibe.

Atafika pa kamphika koyamba anaima. Anayang'ana pansi. Anayang'ana kumwamba, ku nthambi. Anayang'ananso pansi. Kenaka anawerama n'kutola tsamba limodzi, lalitali ngati mpeni, n'kulifinya, n'kulinunkhiza.

"Ababa, mtengo wa mango uli pati pano?"

"Mwera, mama. Chaka chino unawomba moopsa."

"Mwera unatha kale." Anapalasa ndi chala n'kutulutsa njere ya mango yoyamwidwa mpaka kuyera. Anapalasanso, n'kutola mutu wa usipa wouma ndi kabokosi ka machesi. "Nazonso izi wabweretsa ndi mwera?"

Alamu anayamba kukhosomola kukhosomola kwa munthu amene akumeza chiseko. Ine ndinavula chipewa. Ndinanena zonse, kuyambira pa mbale zokwiririka mpaka pa matumba atatu. Pofika pa mawu a azimayi odutsa, chifuwa cha alamu chinapola mwadzidzidzi.

Mwanayo sanakalipe. Anangokhala pansi, pa dothi lonyowalo, ndi buluku lake la ku tauni, tsamba lija lili m'manja. Ndikanakonda akananditukwana. Kenaka anati, "Miyezi isanu."

Ndinakhala pambali pake. Ndine munthu amene ndagulitsapo nsomba za dzulo ndikulumbira kuti ndi za lero, choncho nzeru zinabwera zokha. Ndinati, "Mama, tamvera. Akudziwa ndani? Ine, amayi ako, ndi malume akowa, ndipo awa akalankhula ndiulula za phazi lija. Manambalawo sunalembe ndiwe, alemba makina. Pita ukanene zimene makina anena. Masamba a mango tichotsa lero, chaka chamawa agwa ena."

"Manambala ndi oona, ababa. Nkhani imene ndawauza ndi imene ili yabodza. Nthaka iyi sikukana kanthu, yangokhala ndi njala chifukwa mwailanda chakudya. Ndikakanena zija pa msonkhano, wina kutali adzaziika m'kuwerengera kwake, n'kumauza anthu kuti nkhalango za kuno zidzawateteza. Adzagona tulo chifukwa cha bodza langa."

"Nanga akakulanda nkhafi?"

"Andilande."

Anadzuka, anasansa buluku, n'kukwera pa mwala waukulu umene uli m'mbali mwa njira, pamene netiweki imagwira. Anaimba tili pomwepo. Chizungu chimene ankalankhula sindichimva, koma mawu akuti bambo amamveka m'chilankhulo chilichonse, ndipo ndinaona dzanja lake likusesa m'malere. Analankhula nthawi yaitali. Atatsika anati, "Ndawauza kuti andichotse pa msonkhano."

Ndakhala ndikuona anthu olimba mtima. Ndinaona amuna akuwoloka nyanja iyi ndi ana m'bwato mwera uli pakati. Koma sindinaonepo munthu akutaya yekha m'madzi nsomba yaikulu kwambiri ya moyo wake chifukwa choti waipeza kuti inali yoola m'kati, pamene wogula anali atatambasula kale dzanja. Ndinali ndi manyazi ofika m'mafupa, koma pansi pa manyaziwo china chake chinkavina. Ndinanong'oneza alamu kuti, "Mwamuona? Makani amenewo ndi anga." Alamu anati, "Tsache nalonso ndi lanu."

Masiku awiri mwanayo ankandipatsa moni wa kwa mlendo. Masamba a mango anandiuza kuti ndikachotse ndekha, limodzilimodzi, ndi dzanja, ndipo bondo silinapatsidwe mpata wodandaula. Akazi anga sananene kuti ndinakuuzani. Ankangoimba nyimbo za kwaya mokweza ndikamadutsa.

Tsiku lachitatu mwanayo anabwera pamene ndinkasoka ukonde, kope lili m'manja.

"Ababa, munayamba liti?"

"Mama, ndapepesa kale."

"Sindikuzenga mlandu. Munayamba liti?"

Mitu yathu ife osaphunzira ili ndi ubwino umodzi: mulibe zambiri, ndiye zimene zilimo sizisochera. Ndinamuuza kuti linali Loweruka lotsatana ndi sabata imene bwato la malume ake linang'ambika. Alamu anaitanidwa, navomereza tsikulo, atayamba adandaula kaye za bwatolo. Ndinamuuza kuti sindinadumphe Loweruka lililonse kupatula awiri: limene tinapita ku maliro ku Meluluca, ndi limene malungo anandigwetsa. Amayi ake anachitira umboni kuti matsache anatha atatu.

"Munkasesa mpaka pati?"

"Mapazi anayi mbali zonse."

"Nthawi zonse anayi?"

"Mama, ine ukonde ndimasoka maso ofanana. Ukuganiza kuti tsache ndingasinthesinthe?"

"Kumtunda simunapiteko ngakhale kamodzi?"

"Funsa bondo ili."

Analemba, analemba. Kenaka anatseka kope n'kupumira m'mwamba. Anati kuli akatswiri ena amene amachita dala zimene ndinachitazo: amachotsa masamba pamalo ena, n'kusiya pamalo ena, kuti aone kusiyana kwake. Koma iwo amayamba alemba kaye pa pepala, sachita kubisa tsache m'thumba la ukonde. Anandiuzanso mosabisa kuti funso limene anadzera linali litaonongeka kumunsiko, kuti ayenera kukwirira timiphika tina pamalo atsopano n'kuyambiranso, chaka ndi miyezi yochepa yokha zitatsala. Miyezi isanu ija sinabwerere. Koma timiphika tosesedwa tija tinali ndi funso lakelake, loyenera kufunsidwa kuno kumene moto umanyambita masamba a m'tchire chaka ndi chaka: nthaka yovula imatani, ndipo ukaibwezera chofunda imachira liti?

"Titatu tisiyeni tifunde. Titatu tinato muzisesabe. Loweruka, mapazi anayi, tsache la mtundu womwewo. Mukadwala muzindiuza."

Ndinati, "Ndiye kuti ndalembedwa ntchito ya kafukufuku ya pambuyo pa kwarta kalasi?"

Apo ndi pamene anaseka koyamba.

Nthawi yotsalayo anaigwira ngati munthu wopalasa mopikisana ndi mvula. Anaonda. Zaka ziwiri zitakwana, malo aakulu amene ankawafuna anapatsidwa mnzake wina amene anakalankhula pa msonkhano uja. Ndinamva kuwawa, poti ndikudziwa tsache limene linasesa malo amenewo. Koma abwana ake sanamulande nkhafi. Anamuwonjezera chaka china, ndipo akuti ananena kuti manambala a munthu amene anaimba yekha telefoni ija sayenera kuwayang'ana kawiri.

Mwanayo atabweranso anandionetsa pa telefoni zimene analemba. Zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika, ine sindinatolepo kanthu. Anandimasulira kuti nthaka yosesa imatentha msanga, imauma msanga, ndipo mvula ikagwa madzi amangodutsa pamwamba. Ya masamba imapuma kwambiri, inde, koma imasunganso zambiri m'mimba mwake. Za moto waukulu uja anati yankho lonse silinapezeke, ndipo sangathamangirenso kulengeza. Kenaka anakuza malembo pa mzere wina, n'kundiwerengera m'chinyanja: masamba ankachotsedwa Loweruka lililonse, ndi tsache, ndi munthu mmodzi yemweyo wa m'mudzimo.

"Dzina mulibe?" anafunsa alamu, akusuzumira paphewa panga.

"Dzina la chiyani? Munthu mmodzi yemweyo. M'dziko lonse lapansi alipo angati?"

Masiku ano tsache ndimalinyamula paphewa, dzuwa litatuluka, ndikupereka moni kwa aliyense. Ndikamadutsa pa mwala uja ndimachepetsa liwiro, ndipo mlendo aliyense amene ndayenda naye njira imeneyo ndimamuimitsa n'kumuuza kuti mwana wanga anaima apa. Ena amaganiza kuti ndi pamene anabadwira. Akazi anga amandidikira pakhomo ndi funso lomwelo Loweruka lililonse, lakuti popeza dzanja lazolowera, bwanji ndisapitirize ndi bwalo lathu. Ndimawauza kuti pansi pa mango paja ndasiya dala kuti pafunde, ndikufuna ndione kusiyana kwake.